Bandi ya kudoko: lipoti la gulu la geni ya usipa ku Mangochi lomwe linatsala pang'ono kupasuka

Amene anandiimbira foni anali mlembi wa gululo, mu Januwale 2024. Mawu ake anali ochepa: "Alangizi, bwerani mudzatigawire katundu, ife tatopana." Sanandiitanire kudzayanjanitsa anthu ayi. Ankangofuna munthu wapadera woti aonetsetse kuti pogawana mathandala, mapoto ofutsira ndi ndalama zotsala, pasakhale wodyera mnzake masuku pamutu.

Ntchito yanga ndi yolangiza magulu a mabizinesi ang'onoang'ono m'mbali mwa nyanja. Nkhaniyi ndailembera anzanga a ntchito yomweyi, chifukwa ndinalakwitsa poyamba, ndipo chomwe chinatithandiza pambuyo pake chinachokera kumene sindinkayembekezera: mbiri ya mabandi awiri a nyimbo za rock a ku Ulaya. Eni nkhani anavomera kuti ndilembe, koma mayina awo ndi dzina la doko sinditchula.

Kumene gululi linachokera

Linayamba mu 2016 pa doko lina la pakati pa boma la Mangochi ndi Monkey Bay. Anali anthu asanu. Mkulu wa gulu, bambo amene kale anali ndi boti lawo, ndiwo ankagula usipa mbandakucha kwa asodzi a ukonde wa chilimira pobwera kokapha usiku ndi nyali. Mayi wina wamasiye ankayang'anira kufutsa ndi kuyanika. Mlamu wa mkuluyo ankakwera lole ndi matumba kukagulitsa ku Limbe. Mlembi ankasunga buku ndi kulipira aganyu. Wachisanu anali mng'ono wake wa mkulu wa gulu, amene ali ku Joni monga alili anyamata ambiri a kuno. Iyeyu anatumiza theka la mpamba woyambira, ndipo chitumizireni sanagwirepo nsomba ya gululo ndi dzanja lake.

Pangano linali la pakamwa: phindu lizigawidwa mofanana pasanu mwezi ukatha. Panalinso mtsikana wina amene ankathandiza mayi aja pa ganyu kwa zaka 6, wolandira tsiku ndi tsiku, wosawerengeredwa m'gulu.

Kwa zaka 7 zinkayenda. Zinthu zinayamba kununkha kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mafuta a injini atakwera, asodzi anakweza chidebe cha usipa. Mchere, nkhuni ndi mtengo wa lole nazo zinakwera, koma ogula a ku Limbe sanalole kukwera nawo liwiro lomwelo. Nsima ikachepa m'mbale anthu amayamba kuyang'anana manja. Mlembi anaona kuti matumba okwezedwa pa lole akuchuluka kuposa olembedwa m'buku lake, ndipo mphekesera inamveka pa doko yoti alamu aja akunyamula usipa wawowawo pa lole yolipiridwa ndi gulu.

Zomwe ndinapeza

Ndinacheza ndi aliyense payekha ndisanawasonkhanitse. Mabuku anali makope atatu a sukulu. Munalembedwa ndalama zogulira nsomba, matumba a gulu opita ku Limbe ndi ndalama zobwera kuchokera kumeneko, basi. Nsomba zoonongeka ndi mvula munalibe, thukuta la munthu aliyense munalibe.

Ndalama yobedwa sindinaipeze. Koma mphekesera ija inali yoona: mwa matumba anayi aliwonse a pa lole, limodzi linali la wogulitsayo, ndipo ankayamba kugulitsa lakelo kwa makasitomala a gulu. Sanakane. Anandiyang'ana m'maso nati, "Alangizi, makasitomala amenewo anawapeza ndani? Ine ndimagona pa matumba mumsika, udzudzu ukundidya, ndiye ndizilandira chimodzimodzi ndi munthu amene ali phee ku Joni?" Mkulu wa gulu naye anali ndi yake: "Popanda nkhope yanga pa doko pano, ndi msodzi uti angakupatseni nsomba pa ngongole?" Wa ku Joni ankatumiza mauthenga a mawu pa WhatsApp, onse othera pamodzi: mpamba ndi wake.

Mayi a pathandala sanadandaule kanthu. Nditawafunsa maganizo awo anangoti, "Abambowo akagwirizana, ine ndimva." Ndinalemba m'kope mwanga kuti mayiwa alibe vuto ndi wina aliyense, ndipo ndinapitirira. Apa ndi pamene ndinayambira kusochera.

Msonkhano woyamba unatha wopanda mutu. Munthu ndi mlamu wake sangalozane chala pagulu, choncho aliyense ankayankhula mozungulira, mawu aulemu okhaokha, mkwiyo uli m'mimba.

Mmene mabandi analowera m'nkhaniyi

Madzulo a tsikulo mlembi anandiperekeza kukakwera galimoto kumsewu. Tili m'njira anandiuza kuti asanayambe geni ankaimba ng'oma m'bandi ina yomwe inkasangalatsa alendo m'malo ogona a ku Cape Maclear. "Zomwe mukuonazi ndinaziona kale," anatero. "Bandi yathu inatha chifukwa envelopu ankalandira ndi woimba kutsogolo. Alendo ankamuombera m'manja iyeyo, mpaka anayamba kukhulupirira kuti nyimbo ndi iyeyo."

Ine nyimbo ndimazikonda kuyambira ubwana, ndipo mbiri ya mabandi ndimaitsata. Ndinaona kuti mwina pano pali khomo. Anthu amene sangathe kunena za iwo eni amamasuka akamakamba za banja la eni ake. Ndinayamba ndaganizira mabandi athu omwe akhalitsa: Alleluya Band ya ku Balaka, yomwe inayamba mu 1978, ndi Black Missionaries ya ku Chileka, yomwe inapitiriza kuimba Evison Matafale atamwalira mu 2001. Koma amenewa ali pafupi kwambiri ndi mitima ya anthu. Ukangowatchula aliyense ali ndi mbali yake kale, ndipo msonkhano ungasanduke mtsutso wa nyimbo. Ndinasankha akutali, oti palibe angawaikire kumbuyo.

Pa msonkhano wachiwiri, mu Febuluwale, ndinawafotokozera za U2. Bandiyi inayamba mu 1976 mumzinda wa Dublin ku Ireland, mnyamata wa zaka 14, Larry Mullen, atapachika kapepala pasukulu kufunafuna anzake oimba nawo. Kuchokera mu 1978 mpaka lero mamembala ndi anayi omwe aja: Bono, The Edge, Adam Clayton ndi Mullen mwini wakeyo. Dziko lonse limadziwa nkhope ya Bono, koma anyamatawo anagwirizana adakali osauka kuti ndalama azigawana mofanana, ndipo nyimbo zawo zimalembedwa kuti anapeka ndi U2 yonse. Ndinatsiriza ndi kuwalangiza kuti asunge pangano lawo logawana pasanu, koma alilembe papepala, ndipo geni ya mseri ithe.

Wogulitsa uja anadzuka, nasasa fumbi pa thalauza. "Zikomo alangizi. Funso langa ndi limodzi: mwa anayiwo, alipo amene amakhala ku Joni anzake akuimba?" Ndinasowa choyankha. Anatuluka, ndipo kwa miyezi iwiri sanagulitse thumba la gulu ngakhale limodzi.

Bamboyo ananena zoona. Ndinasankha chitsanzo chogwirizana ndi mtima wanga, osati ndi gulu lomwe linali pamaso panga. Kugawana mofanana kwa U2 kumagwira chifukwa onse anayi amakwera pa nsanja. Ine ndinatenga lamulo lawo n'kuliveka gulu lomwe mmodzi sagwira ntchito konse, wina amagwira yoposa, ndipo wina amene amagwira tsiku lililonse sali m'gulu n'komwe. Mlandu wa matumba a mseri unanditseka maso, osaona kuti wolakwayo analinso ndi dandaulo lomveka.

Miyezi iwiri ya mpatuko

Gulu linatuma mwana wa mkulu uja ku Limbe. Mnyamatayo sankadziwa woyenera kumukongoza ndi wosayenera, ndipo anabwerako kawiri ndi ndalama zoperewera, ngongole zili mbwee mumsika. Pamenepo onse anaona kuti kugulitsa ndi luso, si kungokhala pa thumba.

Wogulitsa naye zake sizinayende. Ankapikula usipa wouma kale kwa anthu osiyanasiyana m'madoko ena. Makasitomala ake akale, amayi ogulitsa pa mabenchi, anayamba kubweza: wina uli ndi mchenga, wina ukuwawa, wina ukungofumbutuka m'manja. Ankamufunsa kuti usipa woyera uja wapita kuti. Izi anandiuza yekha pambuyo pake, ndipo ananena motsitsa mawu.

Ine nditamva zimenezi ndinapita kukakhala tsiku lathunthu pathandala, chinthu chomwe ndinayenera kuchita pachiyambi pomwe. Munali mu Malichi, mvula isanathe. Mayi aja anafika kusanache, moto uli kale pansi pa mphika waukulu. Nsomba zitabwera anazipisa dzanja mpaka pansi pa chidebe, natulutsa za pansizo, nazinunkhiza. Zidebe ziwiri anaziika padera osanena kanthu. Pofutsa sankayang'ana wotchi: ankaviika dengu m'madzi otentha a mchere, maso ali pa nsombazo, ndipo pa kamphindi komwe ine sindinaone kusintha kulikonse anati "tulutsa", mtsikana uja n'kutulutsa. Poyanika ankamwaza mopyapyala kuti nsomba isagone pa inzake. Chakumasana ine ndikuona dzuwa lili phwee, iwo anayang'ana kutsidya, mbali ya ku Makanjira, nauza aganyu kuti akoke mapepala apulasitiki. Sipanathe theka la ola mvula inagwa. Pa mathandala oyandikana nawo anthu ankathamanga ndi nsomba zonyowa kale.

Ndinawafunsa za zidebe ziwiri zija. Anati zinagona m'boti nthawi yaitali, zikanaononga thumba lonse. Nanga bwanji osawauza abambo amene anazigula? "Ndingawauze bwanji akuluakulu kuti mwagula zoola? Ndimangozipatula, ndikuziumitsa pazokha, zina ndimadyetsa ana." Kwa zaka 7 mayiwa ankakonza zolakwa za ena mwakachetechete, ndipo dzina labwino la usipa wa gululo ku Limbe linali ntchito ya manja awo. M'makope atatu aja munalibe mzere ngakhale umodzi woonetsa zimenezi.

Nditamufotokozera mlembi, anaseka mwachisoni. Anati woimba ng'oma anthu amamuzindikira tsiku lomwe wajomba.

Bandi yachiwiri

Mu Meyi mwera unayamba, maboti ambiri anakhala kumtunda, ndipo anthu anapeza nthawi. Sindinaitanitse msonkhano wa onse. Ndinapempha mkulu wa gulu ndi mlamu wake kuti tikakumane ku boma, kutali ndi maso a pa doko, pamodzi ndi amalume ena a kubanjako amene onse awiri amawalemekeza.

Kumeneko ndinayamba ndi kupepesa chifukwa cha uphungu wanga woyamba. Kenako ndinawauza za Rolling Stones, bandi yomwe inayamba ku London mu 1962 ndipo ikuimbabe. Mick Jagger ndi Keith Richards anadziwana ali ana m'tauni ya Dartford, koma m'zaka za m'ma 1980 anadana zenizeni. Jagger anatulutsa chimbale chakechake mu 1985, Richards anakwiya, ankanyozana m'manyuzipepala, ndipo bandiyo sinayende ulendo wokaimba kuchokera mu 1982 mpaka 1989. Richards naye anatulutsa chake mu 1988. Koma palibe mwa awiriwa amene payekha anakoka anthu ngati mmene ankakokera ali pamodzi. Kumayambiriro kwa 1989 anakumana pa chilumba cha Barbados, anakambirana, nayambanso ntchito.

Amalume aja anagwedeza mutu nati, "Ndiye kuti sanagwirizane chifukwa chokondana." Ndinati eya, ndipo mfundo yanga inali yomweyo. Awiriwa sindinawapemphe kuti akondane. Ndinawapempha kuti aone ngati aliyense payekha wapeza zoposa zomwe ankapeza ali limodzi. Onse anadziwa yankho.

Ndinaonjeza zinthu zitatu za bandi yomweyo. Nyimbo zambiri amapeka ndi Jagger ndi Richards, ndipo ndalama za upeki zimapita kwa iwo, mosiyana ndi ndalama za bandi yonse: ntchito yapadera ili ndi malipiro ake, poyera, onse akudziwa. Woimba ng'oma, Charlie Watts, munthu wofatsa amene sankakonda kuonekera, anakhala pa mpando wake kuchokera mu 1963 mpaka imfa yake mu 2021, ndipo anzakewo ankanena poyera kuti bandi inatsamira pa iye. Ndipo Ronnie Wood, amene analowa mu 1975, anakhala zaka zambiri akulandira malipiro ngati wolembedwa ntchito asanapatsidwe gawo lake m'zaka za m'ma 1990. Sindinatchule dzina la munthu wa m'gulu lawo. Wogulitsa ndiye anati, "Wang'omayo ndi mayi aja." Mkulu wa gulu anakhala chete nthawi yaitali, kenako anafunsa ngati n'zoona kuti amagula nsomba zogona. Ndinawauza zomwe ndinaona.

Zomwe tinagwirizana, ndi zifukwa zake

Pangano latsopano linatenga misonkhano itatu, ndipo linalembedwa m'Chichewa, aliyense n'kusaina pamaso pa amalume aja ndi wapampando wa komiti ya pa doko.

Tinalekanitsa malipiro a ntchito ndi phindu. Mwezi ukatha aliyense wogwira ntchito amayamba walandira za ntchito yake, ndipo zotsalazo ndizo zimagawidwa mofanana. Apa mabandi awiri aja anakumana: kusiyana kuli pa ntchito, kufanana kuli pa umwini. Wogulitsa anapatsidwa kandalama kapadera pa thumba lililonse logulitsidwa pamwamba pa mtengo womwe gulu lagwirizana. Geni yake ya payekha sitinailetse, chifukwa lamulo loletsa likanangoibweza kumseri. Tinati matumba ake azilembedwa m'buku, azilipira okha pa lole, ndipo azigulitsidwa a gulu akatha.

Chomwe chinavuta kumeza chinali chakuti aliyense akhale ndi mawu omaliza pa gawo lake. Kutanthauza kuti mayi a pathandala angathe kukana nsomba zomwe mkulu wa gulu wagula. Kwa bambo wachikulire pa doko, kubwezeredwa chidebe ndi mayi pamaso pa asodzi si nkhani yaing'ono. Tinapeza njira yosunga ulemu: mayiwo azipita nawo kumadzi pogula, azipisa dzanja mtengo usanatchulidwe, ndipo akapukusa mutu abambowo azingopitirira pa boti lina. Palibe wokanidwa pagulu.

Mtsikana waganyu analowetsedwa m'gulu pang'onopang'ono, theka la gawo chaka choyamba, lathunthu chaka chachiwiri. Amene anaumirira zimenezi ndi mayi aja, ndipo kanali koyamba kuwamva akukweza mawu pamsonkhano.

Za wa ku Joni ndiye zinali zowawa. Anzake anati phindu lomwe walandira zaka 7 laposa kale mpamba wake kangapo. Iye anati popanda ndalama yake gulu silikanabadwa, ndipo akafuna kumubwezera amubwezere pa mtengo wa randi, osati kwacha yakugwayi. Mbali zonse zinali ndi mfundo. Ndinapereka maganizo oti tisawerengere m'kwacha kapena m'randi, koma m'nsomba. Tinatsegula kope loyamba la 2016, tinaona kuti ndalama yake inagula zidebe zingati za usipa nthawi imeneyo, ndipo gulu linavomera kumubwezera mtengo wa lero wa zidebe zomwezo, m'zigawo, kwa miyezi 18. Likamaliza, gawo lake latha, pokhapokha atabwera kudzagwira ntchito. Anavomera, koma mokwiya.

Kwa anzanga a ntchito

Munthu amene sakudandaula pa kucheza koyamba musamulembe kuti alibe vuto. Pitani mukakhale pomwe amagwirira ntchito, tsiku lathunthu. Ndikanatero mu Januwale, mpatuko wa miyezi iwiri uja mwina sukanachitika, ngakhale ndiyenera kuvomereza kuti mpatukowo unaphunzitsa abambo awiri aja zomwe pakamwa panga sipakanatha.

Chitsanzo chobwereka chili ndi mphamvu chifukwa chimapatsa anthu mawu onenera zomwe mwambo suwalola kunena mwachindunji. Mpaka lero m'gululi munthu akayamba kudzimva amauzidwa kuti "mwayamba chimbale chanuchanu", onse n'kuseka, uthenga n'kufika. Koma chitsanzo chimapwetekanso ngati mlangizi wachisankha asanamvetse gulu. Ndipo chili ndi malire ake. Oimba aja ndi anthu olemera, angathe kukwiyirana zaka 7 akudya bwino. Gulu la usipa likaima miyezi iwiri, ana amabwezedwa kusukulu. Nthawi yodikira kuti mitima izizire yokha ife tilibe.

Zomwe zinatsatira

Pangano linayesedwa kawiri. Chakumapeto kwa 2024 wogulitsa anakweza matumba awiri osalembetsa. Mlembi anawaona, nkhani inakambidwa tsiku lomwelo, ndipo bamboyo analipira chindapusa chomwe anasainira yekha. Sanatuluke pamsonkhano.

Mu 2025 mayi a pathandala anadwala, nagona milungu 6. Pamsonkhano wina anafunsa ngati gawo lawo liziperekedwabe. Mlembi ndiye anakumbutsa anzake zomwe ndinawauzapo tsiku lina, kuti mu 2023 Larry Mullen atachitidwa opaleshoni, U2 inaimba ku Las Vegas ndi woimba ng'oma wobwereka, koma mpando unakhalabe wa mwini wake. Anagwirizana kuti malipiro a ntchito apite kwa amene akugwira, gawo la phindu lipite kwa mayiwo. Mtsikana uja ndiye anaima pa mphika. Matumba awiri oyamba anatuluka ofiirira, makasitomala anadandaula, koma lachitatu linadutsa osabwezedwa.

Ndalama za wa ku Joni zinatha kubwezedwa mochedwa ndi miyezi iwiri, chifukwa cha kusowa kwa mafuta komwe kunaimitsa maboti masiku ambiri. Analandira zonse. Koma iye ndi mkulu wake sayankhulana bwino mpaka pano. Atabwera kumudzi pa tchuthi sanafike pa doko, ndipo amalume aja akuyesabe. Nkhani imeneyi imandipweteka, ndipo ndimadzifunsabe ngati tikanamusiyira kagawo kakang'ono kosatha m'malo momutulutsa.

Ulendo wanga womaliza ndinafika pa doko dzuwa lisanatuluke. Maboti anali akungofika, nyali zina zisanazime. Mkulu wa gulu anali m'madzi ofika m'mawondo akukambirana ndi msodzi, mayi aja ali pambali pawo dzanja lili m'chidebe. Anapukusa mutu pang'ono. Abambowo anamuuza msodziyo kuti aonana mawa, napita pa boti lotsatira.